Infantile myofibromatosis: zotupa za makanda

Pano tifotokoza matenda amene sapezeka kawili-kawili, koma amene amadetsa nkhawa makolo akaona cotupa pathupi la khanda.

Kodi ndi matenda otani?
Infantile myofibromatosis imayambitsa zotupa zolimba pakhungu, m'minofu, m'mafupa, ndipo nthawi zina m'ziwalo za m'kati. Dzinali analipeleka madokotala Chung ndi Enzinger mu 1981. Ana ambili amabadwa nazo, kapena zimawatuluka asanakwanitse zaka 2. Si khansa, ndipo sizipatsilana.

Zimaoneka bwanji?
Cotupa cimakhala colimba, ndipo kambili siciwawa. Mtundu wake ungafanane ndi khungu kapena kukhala wofiilila. Ana ambili amakhala ndi cimodzi cabe, makamaka kumutu, m'khosi kapena pathupi. Ena amakhala nazo zambili.

Cimayambitsa n'ciani?
Mu 2013 ofufuza anapeza kuti m'mabanja ena matendawa amabwela cifukwa ca kusintha kwa majini ochedwa PDGFRB ndi NOTCH3. Koma ana ambili amadwala popanda wacibale amene anadwalapo. Conco tisaimbe mlandu mai, ndiponso tisaloze munthu cala kuti walodza mwana.

Ngozi ili pati?
Zotupa zambili za pakhungu, m'minofu ndi m'mafupa zimacepa zokha m'caka cimodzi kapena ziwili. Zoopsa ndi za m'mapapo, mumtima ndi m'matumbo, cifukwa zingalepheletse mwana kupuma kapena kuyamwa, ngakhale kumupha kumene. Zimenezi sitingazione ndi maso.

Kupima ndi cithandizo
Madokotala amaunika ndi sikani, ndipo amadula kanyama kocepa pa cotupa kuti akapime. Kupima kumeneku ndiko kumasiyanitsa matendawa ndi khansa imene imaoneka mofanana. Ana ena amangowaonelela. Ena amawacita opaleshoni. Zotupa zikaopseza moyo, amapeleka mankhwala monga vinblastine ndi methotrexate pa mlingo wocepa.

Ticite ciani?
Tikaona cotupa pa mwana, tisacifinye, tisatemepo mphini, komanso tisadikile kuti citha cokha asanacione a cipatala. Tiyambile ku kiliniki, kumene angatitumize ku cipatala cacikulu monga UTH ku Lusaka kapena Arthur Davison ku Ndola. Mwana akamavutika kupuma, kukana bele kapena kusanza kosalekeza, tipite naye tsiku lomwelo. Ndipo masiku onse amene atiuza kubwelela kukapimitsa tiwasunge, ngakhale cotupa cikuoneka kuti cikucepa.