Tharangambadi, Kumene Mafunde Amaimba

Ndisanapite ku India ndinkaganiza monga amaganizira anzanga ambiri kuno kwathu, kuti Mmwenye aliyense ndi mwini sitolo. Boma litanditumiza ku Chennai kukachita maphunziro a masabata angapo, mnzanga wina wa m'kalasi anandiumiriza kuti Loweruka lina tikwere basi yolowera kum'mwera. Tinanyamuka mbandakucha, ndipo dzuwa litapendeka tinatsika pa katauni ka asodzi kotchedwa Tharangambadi, m'chigawo cha Tamil Nadu. M'chiyankhulo cha Tamil dzinali limatanthauza malo a mafunde oimba. Azungu, lilime litawakanika, anangoti Tranquebar.

Kalembera wa 2011 anapeza anthu 23,191 m'taunimu. Ambiri ndi Ahindu, koma muli Asilamu ndi Akhristu, kotero kachisi, mzikiti ndi tchalitchi zili moyandikana. Chakale kuposa zonse ndi kachisi wa Masilamani Nathar, womangidwa m'chaka cha 1306 m'nthawi ya mafumu a Pandya. Nyanja yamchere yakhala ikumudya pang'onopang'ono, moti mbali ina inagwera kale m'madzi.

Alendo anafika mu 1620. Mfumu Christian IV ya ku Denmark inatuma Ove Gjedde kukafuna malonda, ndipo iye anapangana ndi Raghunatha Nayak, mfumu ya ku Thanjavur, kuti azipereka msonkho chaka ndi chaka posinthana ndi gombe limeneli. Pomwepo anamanga linga la Dansborg, lomwe lilipobe mpaka lero ndipo analisandutsa nyumba yosungiramo zakale. Ankagula tsabola ndi nsalu za thonje. Ankagulitsanso anthu, ngakhale kuti nkhani imeneyi simveka kawirikawiri pamene alendo akuonetsedwa malo.

Musaganize kuti anali atsamunda amphamvu. Kwawo kutabuka nkhondo, panapita zaka zoposa 25 popanda sitima ngakhale imodzi yochokera ku Denmark, kufikira mu 1669. Otsala m'lingamo anapulumuka podalira eni dziko. Ine, amene ndinagwirapo ntchito ku boma lakutali n'kumadikira yankho la ku likulu miyezi yathunthu, ndinawamvetsa pang'ono anthu amenewa.

Koma chomwe chinandigwira mtima monga munthu wokonda zolembalemba ndi nkhani ya Bartholomäus Ziegenbalg. Mnyamata wa ku Germany ameneyu anafika pa 9 July 1706 pamodzi ndi Heinrich Plütschau, atatumidwa ndi Mfumu Frederick IV. Iwowa ndiwo anali amishoni oyamba a Chipulotesitanti ku India. Amalonda a kwawo komwe sanawafune, ndipo bwanamkubwa wa lingalo anam'tsekera Ziegenbalg m'ndende miyezi inayi. Chiyankhulo cha Tamil anachiphunzira atakhala pansi pamodzi ndi ana asukulu, akulemba zilembo ndi chala pamchenga. Pofika 1711 n'kuti atamaliza kumasulira Chipangano Chatsopano, ndipo pofika 1715 chinali chitasindikizidwa pa makina a m'tauni momwemo. Kuno kwathu Buku Lopatulika lathunthu tinalilandira mu 1922, patapita zaka zoposa 200.

Pamenepa m'pofunika kusamala. Ziegenbalg sanabweretse zilembo kwa anthu osadziwa kulemba. Atamil anali ndi ndakatulo ndi mabuku a galamala zaka mazanamazana Denmark isanadziwe njira ya ku India, ndipo ankalemba pa masamba a mgwalangwa. Iye anasonkhanitsa masamba amenewa, kuwawerenga, n'kulemba buku lofotokoza milungu ya anthuwa monga iwo eni ankaimvera. Akuluakulu ake ku Halle anakana kulisindikiza poti iye anatumidwa kukathetsa chipembedzocho, osati kukachifalitsa ku Ulaya. Bukulo linadzatuluka mwini wake atamwalira kalekale. Anamwalira mu 1719 ali ndi zaka 36 zokha, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha New Jerusalem chimene anamanga mu 1718.

Mu 1845 Denmark inagulitsa tauniyi kwa Angelezi. Malonda anasamukira ku doko la Nagapattinam, ndipo Tharangambadi inabwerera m'manja mwa asodzi, omwe kunena zoona sanachokepo n'kale lomwe.

Asodziwo ndiwo anakumana ndi tsoka la pa 26 December 2004. Chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi Sumatra chinautsa chimfunde chimene chinafika pagombeli m'mawa. Linga la Dansborg linaima nji, koma nyumba za asodzi zinakokoloka ndipo anthu mazanamazana anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Otsala anawamangira nyumba za simenti kumtunda, kutali ndi gombe. Mabwato awo akale, otchedwa kattumaram, kutanthauza mitengo yomangidwa pamodzi, ambiri analowedwa m'malo ndi maboti a injini.

Lamlungu m'mawa tisanakwere basi ndinatsikira kugombe. Maboti anali akubwera kumene, amuna akukoka maukonde, amayi atakhala ndi mabeseni awo kunenerera mitengo ya nsomba, phokoso lake ngati la pa Senga Bay usipa ukagwidwa. Ndinafunsa mayi wina, kudzera mwa mnzanga uja, ngati amadziwa za Ziegenbalg. Analoza chakutchalitchi ndi chibwano, n'kupitiriza kuwerenga ndalama zake.