Chaka chimayamba liti? Mawu a nthawi a ku Italy ndi thukuta la omasulira

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya kutali, ku Italy, koma ikukhudza aliyense wa ife amene anamasulirapo nkhani kapena amawerenga za maiko ena kudzera m'Chingerezi.

Tiyambe ndi mwana. Michelangelo, katswiri wosema ziboliboli uja, anabadwa pa 6 Malichi 1475 m'kamudzi ka Caprese. Mabuku a Chingerezi amatero. Koma bambo ake, a Lodovico, polemba za kubadwa kwa mwanayo analemba chaka cha 1474. Eti kholo lingasokoneze chaka chimene mwana wake wabadwa? Ayi, sanalakwitse. Iwo anali a ku Florence, ndipo kumeneko chaka chatsopano sichinkayamba pa 1 Januwale. Chinkayamba pa 25 Malichi, tsiku limene mpingo umakumbukira mngelo akuuza Mariya kuti adzakhala ndi pakati. Ndiye pa 6 Malichi chaka chakale chinali chisanathe.

Apa womasulira atani? Akalemba 1474 monga zilili pa pepala, wowerenga wa lero amukulitsa Michelangelo ndi chaka chathunthu. Akalemba 1475, wasintha zimene mwini wake analemba. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri ena amalemba zaka ziwirizo pamodzi, 1474/5, kuti wowerenga adziwe kuti apa pali makalendala awiri.

Chikanakhala kuti Italy yense ankatsata Florence, bwenzi ntchito ili yopepukirako. Koma nthawi imeneyo mzinda uliwonse waukulu unali ngati dziko palokha, ndipo unkawerenga zaka m'njira yakeyake. Mzinda wa Pisa, womwe uli pa mtsinje womwewo wa Arno, nawonso unkayamba chaka pa 25 Malichi, koma unali patsogolo ndi chaka chimodzi. Kalata yolembedwa ku Pisa m'chaka chawo cha 1400 inkafika ku Florence anthu akuti kudakali 1399. Ku Venice chaka chinkayamba pa 1 Malichi, ndipo alembi ankaika zilembo m.v. pambali pa deti, kufupikitsa mawu oti more veneto, kutanthauza mwambo wa ku Venice. Boma la Venice linasunga mwambowu mpaka pamene linagwa mu 1797. Womasulira amene sadziwa tizilembo tiwiriti amangotisiya, ndipo zonse za mu Januwale ndi Febuluwale zimabwerera m'mbuyo ndi chaka.

Musaone ngati zachilendo kwenikweni. Mayina a miyezi amene timatchula tsiku ndi tsiku akusungabe chizindikiro chake. Sepitembala, Okutobala, Novembala ndi Disembala anachokera ku manambala a Chilatini 7, 8, 9 ndi 10. Werengani kuyambira Malichi, muona kuti zikugwirizana.

Tsono nkhaniyi inkakula ikafika pa ndalama. Amalonda a ku Italy anali otsogola polemba mabuku a ndalama. Francesco Datini wa ku Prato, yemwe anamwalira mu 1410, anasiya makalata pafupifupi 150,000 ndi mabuku mazanamazana a kaundula, ndipo Iris Origo anagwiritsa ntchito chuma chimenechi polemba buku lake la Chingerezi lotchedwa The Merchant of Prato mu 1957. Banki ya banja la Medici inkatseka mabuku ake pa 24 Malichi, tsiku lomaliza la chaka cha ku Florence. Taganizani munthu akufufuza ngongole imene inalembedwa pa 10 Febuluwale 1440 n'kubwezedwa pa 10 Epulo 1441, madeti onse a ku Florence. Pongoona manambala, ngongoleyo inatenga chaka ndi miyezi iwiri. Zoona zake n'zakuti inatenga miyezi iwiri basi, chifukwa Febuluwale wawo wa 1440 ndi Febuluwale wathu wa 1441. Chiwongoladzanja chonse chimene angawerengetsere chikhala chabodza, pamene sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Angerezi anaphunzira luso la mabuku a ndalama kuchokera kwa anthu omwewa. Mu 1494, ku Venice, wansembe wa chipani cha Fransisko Woyera dzina lake Luca Pacioli anasindikiza buku la masamu lotchedwa Summa de arithmetica, momwe anafotokozamo njira yolemba ndalama iliyonse kawiri, mbali ya wokongola ndi mbali ya wokongoza. Mu 1543 Hugh Oldcastle anatulutsa ku London buku la Chingerezi lophunzitsa njira yomweyi. Chosangalatsa n'chakuti Angerezi a nthawi imeneyo sankadabwa ndi chaka cha ku Florence, popeza nawonso ankayamba chaka pa 25 Malichi. Mfumu Charles Woyamba inadulidwa mutu pa 30 Januwale 1649 malinga ndi mawerengedwe athu, koma zikalata za tsikulo zimati 1648.

Vuto lina linabwera mu 1582, pamene Papa Gregory XIII anakonza kalendala. Ku Rome, Venice ndi Florence anthu anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. Dziko la England, lomwe linali litasemphana kale ndi Papa, linakana. Kwa zaka 170, wamalonda wa ku Italy ndi mnzake wa ku London ankatchula tsiku limodzi ndi madeti awiri osiyana ndi masiku 10, kenako 11. Florence ndi Pisa anayamba chaka pa 1 Januwale kuyambira mu 1750 atalamulidwa ndi wolamulira wa Tuscany, Francis wa ku Lorraine. Britain inatsatira mu 1752, ndipo pa 2 Sepitembala chaka chimenecho panatsatana ndi pa 14 Sepitembala. Mpaka lero chaka cha misonkho ku Britain chimayamba pa 6 Epulo. Ameneyo ndi 25 Malichi wakale uja, atangosunthidwa ndi kusintha kwa kalendala.

Mwina wina anena kuti zonsezo n'zakale, lero kalendala ndi imodzi. Zoona, koma mawu owerengera nthawi akadali ndi mbuna zawo. Chitaliyana chili ndi mawu amodziamodzi a zigawo za chaka: bimestre ndi miyezi iwiri, trimestre miyezi itatu, quadrimestre miyezi inayi, semestre miyezi isanu ndi umodzi. Womasulira wothamanga akaona quadrimestre amakumbukira liwu la Chingerezi loti quarter, poti akumveka mofanana ndipo onse ali ndi nambala 4 m'kati mwake. Koma quarter ndi gawo limodzi la magawo anayi a chaka, ndiye kuti miyezi itatu, imene Mtaliyana amati trimestre. Quadrimestre ndi miyezi inayi, ndipo pa chaka imakwana katatu. Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chilibe liwu limodzi la zimenezi, ndiye womasulira wanzeru amangolemba kuti four-month period. Zikaphonyeka m'chikalata cha lendi kapena cha ngongole, wina alipira kanayi pa chaka m'malo mwa katatu.

Liwu lina loopsa ndi decade. Limalembedwa chimodzimodzi m'zinenero zonse ziwiri. M'Chingerezi ndi zaka 10. M'Chitaliyana kawirikawiri ndi masiku 10, moti prima decade di marzo ndi masiku 10 oyambirira a Malichi. Zaka 10 iwo amati decennio. Tangoganizani katundu woti afike m'masiku 10 akulembedwa kuti afika m'zaka 10! Palinso quindici giorni, masiku 15, amene m'kalankhulidwe amatanthauza masabata awiri, omwe Mngerezi amati fortnight, mausiku 14. Kusiyanaku kunabwera chifukwa cha mwambo wakale wa Aroma wowerenga tsiku loyambira pamodzi ndi lomalizira. Pa chifukwa chomwecho oggi a otto, kuloza tsiku la nambala 8, ndi sabata imodzi kuchokera lero.

M'mabuku a kampani mumapezeka liwu loti esercizio. Dikishonale imayamba kukupatsa exercise, ngati masewera olimbitsa thupi. Koma kwa akauntanti wa ku Milan, esercizio ndi chaka cha zachuma, financial year, nthawi yochokera pamene mabuku atsegulidwa kufika pamene atsekedwa, ndipo sikuti nthawi zonse imayenda ndi kalendala ya pakhoma. Ife a ku Malawi izi tikuzidziwa bwino, poti chaka cha zachuma cha boma chinkayamba pa 1 Julayi koma kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo.

Mawu ena Angerezi anangowasiya momwe alili. Quattrocento ndi 400, kufupikitsa zaka za m'ma 1400, zimene Chingerezi chimati fifteenth century. Wina akaona nambala 4 n'kulemba fourteenth century, wabweza ojambula onse a nthawiyo ndi zaka 100. Olemba mbiri ya zaluso amangoti Quattrocento, chifukwa liwuli limanyamula nthawi, malo ndi kajambulidwe pamodzi. Chimodzimodzi ventennio. Pakutanthauza kwake ndi zaka 20 zilizonse, koma Mtaliyana akangoti il Ventennio aliyense amadziwa kuti akunena za ulamuliro wa Mussolini, kuyambira 1922 mpaka 1943. Ukamasulira kuti twenty years, nambala walondola koma mbiri yonse wataya.

Zimene ndaphunzirapo ine n'zakuti liwu la nthawi sulimasulira ndi dikishonale yokha. Umayamba wafunsa kuti analemba ndani, ali mumzinda uti, chaka chiti, ndipo ankayambira pati powerenga. Kenako umawerenga pa zala. Ifeyo nkhani zambiri za ku Italy timazipeza zitadutsa kale m'Chingerezi, ndiye ngati womasulira woyamba anapunthwa, ife timalandira cholakwacho n'kuchiveka Chichewa chokoma. Poti mawuwo amakhala osalala, palibe amene amakayikira.

Nanga inu anzanga, mukakumana ndi deti ngati la bambo a Michelangelo, mungalembe chaka chimene iwo analemba kapena chimene wowerenga wanu akuchidziwa? Ineyo ndingalembe zonse ziwiri n'kufotokoza m'chiganizo chimodzi. Koma ndikudziwa kuti m'gulu muno muli ena amene amati womasulira asamaonekere m'nkhani ya mwini. Tiyeni timve maganizo anu.