Luso Lowongola Magudumu Linayambira pa Ngolo

Tayala likatha mbali imodzi pomwe ina idakali ndi mano, makaniko amangolisisita ndi chikhatho n'kunena kuti galimoto ikufunika alaimenti. Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi inabwera ndi makompyuta a m'magalaja amakono. Chikhalirecho ndi yakale kuposa galimoto imene.

Amisiri osema magudumu a ngolo ku Ulaya sankawaimika chilili. Ankawasema ngati mbale, n'kuwapendeketsa kuti pamwamba patayanepo, cholinga sipoko yomwe ili pansi iime njo posenza katundu. Ankapanitsanso pang'ono kutsogolo kwa magudumu awiriwo kuti asamathawane poyenda. George Sturt, yemwe analandira malo osemera magudumu a makolo ake ku Farnham, ku England, anafotokoza lusoli m'buku lake la 1923 lotchedwa The Wheelwright's Shop. Amisiri akewo analibe mapepala a masamu. Muyezo unali m'maso ndi m'manja mwawo. Kupendeka kuja ndi komwe amakaniko lero amati camber, ndipo kupana kwa kutsogolo amati toe.

Vuto lina linali pokhota. Gudumu la mkati mwa kona limayenda mtunda waufupi, choncho liyenera kukhota kwambiri kuposa linzake. Apo ayi limodzi limakwekwereza pansi. Georg Lankensperger, mmisiri wa ngolo ku Munich, anapeza njira yolumikizira magudumu akutsogolo kuti lililonse lizikhota mlingo wake. Mu 1818 Rudolph Ackermann, wosindikiza mabuku ku London, analembetsa nzeruyi ku England m'malo mwake. Mpaka lero mabuku a umakaniko amaitchula ndi dzina la Ackermann, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwini luso anaiwalika chonchi.

Kenaka kunabwera mphepo ya m'matayala. John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapangira kanjinga ka mwana wake matayala opopa mu 1888. Mu 1895 abale awiri, André ndi Édouard Michelin, anawaika pa galimoto n'kulowa nayo mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Bordeaux ndi kubwerera. Galimotoyo anaitcha L'Éclair, kutanthauza mphezi, chifukwa inkayenda mokhotakhota, yosamvera chiwongolero.

Mavuto enieni anaoneka m'zaka za m'ma 1920. Matayala ananenepa n'kukhala ofewa, mabuleki anafika kumagudumu akutsogolo, liwiro linakwera. Madalaivala anayamba kudandaula kuti pa liwiro lina kutsogolo kwa galimoto kumanjenjemera ngati munthu wa malungo, chiwongolero n'kumafuna kupulumuka m'manja. Apa ndi pomwe diso lokha linachepa mphamvu. Kampani ya Bear ya ku Rock Island, m'chigawo cha Illinois, inayamba kupanga zipangizo zoyezera magudumu ndi kuphunzitsa amakaniko, ndipo chikwangwani chake cha chimbalangondo chachikasu chinafala m'magalaja a ku America. Mu 1946 Lee Hunter anatsegula kampani yake ku St. Louis, yomwe inatchuka ndi makina obalansira gudumu lili pa galimoto pompo. Patsogolo pake kuyeza kunasamukira ku kuwala kwa nyali, kenaka ku makamera.

Kubalansa ndi ntchito ina, ngakhale anthu amaisokoneza ndi alaimenti. Palibe tayala lomwe limalemera mofanana mbali zonse. Tayala la galimoto yaing'ono, pa liwiro la makilomita 100 pa ola, limazungulira pafupifupi ka 14 pa sekondi imodzi. Likalemerera mbali imodzi ndi magalamu 30 okha, kulemera kosaposa supuni ziwiri zodzaza za shuga, pa liwiro limenelo mbaliyo imakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 7. Ndiko kugwedezeka komwe dalaivala amakumva m'zala. Makaniko amazunguza gudumu pa makina, n'kukhomera kachitsulo m'mphepete mwa limu moyang'anizana ndi polemerapo. Kwa zaka zambiri tizitsulo timeneti tinali ta mtovu, koma timathothoka n'kuperepeseka mumsewu, poizoni wake n'kulowa m'nthaka ndi m'madzi. Maiko a European Union anatiletsa mu 2005, ndipo tsopano amagwiritsa ntchito zinki kapena chitsulo wamba.

Alaimenti ikasokonekera siipanga phokoso, n'chifukwa chake imadya ndalama mwakachetechete. Gudumu la mainchesi 15 likapatuka ndi mamilimita 3 okha, limakhala ngati likukokedwa chammbali mamita pafupifupi 8 pa kilomita iliyonse. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, ndiye kuti tayala lapalidwa pa tala mtunda woposa makilomita awiri. Dzenje limodzi la nthawi ya dzinja likwanira kuyambitsa zimenezi, ndipo woyendetsa minibasi amene akuti alaimenti idikire mwezi wamawa amadzagula tayala nthawi isanakwane.

Kumene kulibe makina, amakaniko ena amamangabe ulusi kuchoka ku gudumu lakumbuyo kufika lakutsogolo, n'kugwada, diso limodzi lotsinzina, kuyeza mpata ndi tepi asanapotoze chitsulo chotchedwa tie rod. Galimotoyo ikadzatheratu, magudumu ake akumbuyo ndi chitsulo chowagwirizira sizitayidwa: wowotcherera amazigula, n'kuzimangirira pansi pa ngolo yokasenza chimanga ku Mchinji kapena ku Kasungu.