Mbiri ya ZIP ndi RAR, mitolo ya m'kompyuta

Anyamata oflasha mafoni ndi obena nyimbo pa Luwanda ku Machinjiri amatsegula mafayilo a zip ndi rar tsiku ndi tsiku. Fayilo yoflashira foni imabwera yomangidwa mtolo umodzi, ndipo amayamba aumasula kaye asanagwire foni ya kasitomala. Luso lomanga mitoloyi ndi lakale kuposa ambiri mwa anyamatawa.

Linabadwa chifukwa cha kuchepa kwa malo. Mu 1979 makompyuta a Unix analandira pulogalamu ya tar, yomwe inkangosonkhanitsa mafayilo pa tepi osawafinya. Mu 1985 kampani ya SEA ku America inatulutsa ARC, yomanga ndi kufinya komwe. Phil Katz wa ku Milwaukee analemba yake yothamanga kuposa ARC, a SEA nkumutengera kukhoti mu 1988. Chaka chotsatira anatulutsa PKZIP, nkulengeza poyera kamangidwe ka ZIP kuti aliyense akagwiritse ntchito. Katz anamwalira mu 2000 ali ndi zaka 37, koma ZIP yake ili paliponse: fayilo ya docx ya Word komanso ya apk ya pa Android, mkati mwake ndi ZIP.

RAR inachokera kwa Eugene Roshal wa ku Russia mu 1993, WinRAR nkutsatira mu 1995. Imeneyi ndi yogula, yaulere masiku 40 okha oyesera, kungoti masikuwo akatha siyimatseka, imangokumbutsa. Ubwino wake weniweni ndi woti imatha kuika m'mtolo zidutswa zokonzera fayilo ikaonongeka, chinthu chofunika kuno kumene magetsi amathima munthu ali mkati mokopera ku fulashi. Mu 1999 Igor Pavlov anabweretsa 7-Zip, yaulere mpaka kalekale, yomwe imatsegula zip, rar ndi mitundu ina yambiri, ngakhale siyimanga rar.

Nanga musankhe iti? Ine ndimati funso loyamba lisakhale loti ikufinya bwanji. Nyimbo za mp3 ndi mafilimu zinafinyidwa kale, kuzimanga sikupulumutsa bandulo. Funso ndi loti amene mukumutumizirayo atsegula. Apa ZIP ilibe mnzake, pakuti Windows imaitsegula yokha kuyambira kale, pomwe rar ndi 7z (mtolo wa 7-Zip) inayamba kuzitsegula yokha mu 2023, pa Windows 11 basi. Makompyuta ambiri a m'mashopu athu ndi akale, sanafikeko.

Choopsa ndi WinRAR yakalekale yoyenda pamafulashi, yopatsirana shopu ndi shopu. Mu 2019 akatswiri a kampani ya Check Point analengeza za mpata m'pulogalamuyi womwe unakhalamo zaka 19, wolola akuba kulowetsa vairasi munthu akangomasula mtolo. Eni ake anautseka chaka chomwecho, koma WinRAR siyidzikonza yokha. Amene sanakopere yatsopano patsamba la eni ake, mpatawo akadali nawo.