Njanji ya Ufulu ndi Kalumo ka Mlendo

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umatikumbutsa mbiri ya njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860, yochokera kudoko la Dar es Salaam m'dziko la Tanzania kukathera ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia.

M'chaka cha 1965 azungu a ku Rhodesia, motsogozedwa ndi Ian Smith, adadzipatsa okha ufulu wodzilamulira. Dziko la Zambia, lomwe lilibe gombe la nyanja yamchere, lidagwira njakata pakuti mkuwa wake unkatulukira kumwera, m'manja mwa adani. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere adapempha thandizo kumayiko a azungu, koma adabwerako chimanjamanja. Amene adawamvera ndi a ku China, omwe m'chaka cha 1967 adavomera kumanga njanjiyo, napereka ngongole yopanda chiwongoladzanja. Ntchito idayamba mu 1970 nitha mu 1975. Anthu oposa 160 adataya miyoyo pantchitoyo, ndipo oposa 60 mwa iwo adali ochokera ku China. Anthu adaitcha njanji ya Uhuru, kutanthauza ufulu m'Chiswahili.

Sitima ya anthu ikanyamuka ku Dar es Salaam inkadutsa m'nkhalango ya Selous, momwe apaulendo ankaona njovu ndi mbidzi ali pazenera. Ikapitirira Ifakara ndi Mlimba inkakwera mapiri, kulowa ndi kutuluka m'mapanga ochita kuboola, mpaka ku Makambako ndi ku Mbeya. Ikaoloka malire pa Tunduma ndi Nakonde inkadzera ku Kasama, Mpika ndi Serenje. Ulendo wonse unkayenera kutenga masiku awiri, koma nthawi zambiri sitimayo inkachedwa ndi maola ochuluka, mwina tsiku lathunthu. Komabe anthu akumudzi ankaidalira, chifukwa mtengo wake udali wotsika, ndipo inkawanyamulira mpunga, nthochi ndi nsomba zouma kupita kumisika.

Mavuto sadachedwe. Mu 1979 asilikali a Rhodesia adaphulitsa mlatho wa pamtsinje wa Chambeshi. Njira zakumwera zitatsegukanso, komanso malole atachuluka pamsewu, katundu wa panjanji adachepa. Mainjini ankawonongeka osakonzedwa, antchito nkumakhala miyezi osalandira malipiro. Njanji imene idamangidwa kuti izinyamula matani 5 miliyoni pachaka siidafikepo ndi theka lomwe. Mu 2020 matenda a Covid-19 adaimitsa sitima za anthu zodutsa malire, ndipo mu 2024 mayiko atatuwa adasainirana ku Beijing mgwirizano woti njanjiyo ikonzedwenso.

Adzukulu atolepo phunziro pamenepa. Mlendo adabweretsadi kalumo kakuthwa panthawi ya msauko, ndipo ayenera kuthokozedwa. Koma kunola kalumoko tsiku ndi tsiku ndi udindo wa eni mudzi. Pamene mlendo yemweyo akuitanidwanso patapita zaka pafupifupi 50, funso limene Zambia ndi Tanzania ayenera kuyankha nlakuti, kodi ulendo uno aisamala okha njanji yawo ikakonzedwa?