Mbadwa za ku Battlefields

Ku Battlefields sikunamenyedwepo nkhondo. Azungu ofuna golide ankatcha migodi yawo mayina a nkhondo zimene Angerezi anapambana kutali, monga Trafalgar ndi Tel-el-Kebir, ndipo kasiteshoni ka sitima kamene kali pakati pa Kadoma ndi Kwekwe kanatengera dzina pamenepo. Agogo anga aamuna anafika kumeneko ali mnyamata, kuchokera ku Dedza, msonkho wa nyumba utawathamangitsa kumudzi. Nthawi imeneyo Kadoma inkatchedwa Gatooma, Chegutu inali Hartley, ndipo mpaka kumwalira kwawo agogo ankati "ndikupita ku Hatile", ngakhale mayinawo anasinthidwa mu 1982.

Sanabwere okha. Migodi ikuluikulu ngati Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, timigodi tosawerengeka ta m'tchire, ndiponso mafamu a thonje ndi chimanga zinkafuna manja otchipa. Ashona ambiri anali ndi minda ndi ng'ombe zawo, choncho sankathamangira kulowa pansi chifukwa cha malipiro ochepa. Eni migodi anayang'ana kumpoto. Mu 1903 anakhazikitsa bungwe lolemba antchito la Rhodesian Native Labour Bureau, limene anthu analipatsa dzina loti chibalo. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anagwirizana za kayendedwe ka antchito, ndipo kunabwera malole onyamula anthu mosalipira, aja ankatchedwa Ulere. Kenaka kunadza Mthandizi. Mayina onsewa ndi okoma kupatula loyambalo, lomwe ndilo linkanena zoona.

Chimene chinatsatira ana awo ndi ichi: lamulo la malo la 1930 linagawa dziko kukhala la azungu ndi la anthu akuda, koma Mnyasa analibe mudzi kapena mfumu m'madera a anthu akudawo. Kwawo kunali kukomboni, ndipo nyumba ya kukomboni inkayendera ntchito. Ntchito ikatha, nyumba yathanso. Kumudzi ku Dedza ankawatcha matchona. Kuno ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri Blantyre sanamuonepo. Mwambo nawo unawonjezerapo mfundo yake. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, kwa Ashona ndi wa kuchimuna. Mwana wa bambo Mchewa ndi mayi Mshona, monga bambo anga, mbali iliyonse inkamuloza kwa inzake.

Ufulu utabwera pa 18 Epulo 1980, malamulo a dziko ankalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Izi zinachotsedwa mu 1983, ndipo lamulo la unzika la 1984 linati amene ali ndi unzika wina aukane. Kumakomboni anthu ambiri sanamve n'komwe, ndipo palibe amene anawafunsa. Ankavota ngati wina aliyense.

Zinthu zinatembenuka mu Febuluwale 2000, pamene boma linagonja pa riferendamu ya malamulo atsopano. Chipani cholamula chinaona kuti antchito a m'mafamu, amene ambiri anali ana ndi zidzukulu za Amalawi, Amozambiki ndi Azambia, avotera limodzi ndi mabwana awo komanso chipani cha MDC. Mafamu analandidwa, ndipo antchito ochepa okha ndiwo anapatsidwako malo. Pulezidenti Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, mawu amene aliyense anadziwa amene akuwanena. Ine mawuwo amandiseketsa ndi kundipweteka nthawi imodzi, chifukwa Phiri, Banda, Mbewe ndi Mwale ndi ziwongo zenizeni, ndipo ku Battlefields timapatsana moni ndi ziwongo zomwezo.

Mu Julayi 2001 lamulo la unzika linasinthidwanso. Tsopano kunena chabe kuti ndakana unzika wina sikunali kokwanira. Munthu ankayenera kuukana motsata malamulo a dziko linalo, pasanathe miyezi 6, kufika pa 6 Januwale 2002. Mkulu wa kalembera, Tobaiwa Mudede, anatanthauzira lamulolo kuti likukhudzanso aliyense amene angathe kupempha unzika wina chifukwa cha kumene kholo lake linabadwira, ngakhale sanaupemphepo. Taganizirani munthu wa pafamu ya ku Chegutu, wopanda ndalama ya basi, akuuzidwa kuti apite ku Harare akakane chinthu chimene sanakhalepo nacho, kwa boma limene silimudziwa. Judith Todd, mwana wa nduna yaikulu yakale Garfield Todd amene anabadwira ku New Zealand, anali ndi maloya ndipo anatengera nkhaniyi kukhoti, koma khoti lalikulu la apilo linamuuzabe mu 2003 kuti akane unzika wa ku New Zealand. Nanga wa kukomboni akanatani?

Chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002 ndimachikumbukira bwino, ndinali kupulaimale. Azakhali anga, mlongo wa bambo, anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kulawirira kukaima pamzere. Anabwerako dzuwa lili paliwombo, chala chilibe inki. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, mwavotera ndani?" Iwo anati, "Mwanangu, akuti ine ndine mlendo. Kaya ndinabwera liti." Anabadwira pakomboni ya mtunda wosakwana ola limodzi wapansi kuchokera pamalo ovoterawo.

Mu 2003 boma linafewetsako lamulo: obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu kapena m'nyumba analoledwa kusaina chikalata chotsimikizira unzika wawo. Koma chikalatacho chinkafuna zikalata zina, ndipo zikalatazo n'zimene analibe. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, anthu ogwetseredwa nyumba m'matauni ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Ena analibe koloza.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo ndime imene ndaimasulira kambiri popanda wondilipira ndi gawo 43, ndime 2, ya malamulo a dziko a 2013, amene anavomerezedwa pa riferendamu ya pa 16 Malichi chaka chimenecho. Imati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe pa tsikulo, ndi nzika mwa kubadwa. Poyamba ndinkagwiritsa ntchito liwu loti nzika. Kenaka ndinaona kuti achikulire samva kusiyana, poti unzika anaona kale kuti umaperekedwa n'kulandidwa. Tsopano ndimati mbadwa. Liwuli ndi lolondolanso mwalamulo, chifukwa mu Juni 2013, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, khoti la malamulo a dziko linagamula kuti nzika mwa kubadwa sitaya unzika wake chifukwa chokhala ndi wina. Nyumba ya malamulo ya Malawi inadzalola unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018.

Azakhali ali ndi chitupa chachitsulo chakale chija, cholembedwa kuti ALIEN. Tinapita nawo ku ofesi ina kuti akasinthe, nditanyamula gawo 43 m'Chingerezi, m'Chishona ndi m'Chichewa changa. Wa pawindo sanatsutse ndimeyo. Anangopempha setifiketi yobadwira yaitali, yosonyeza makolo, kapena chiphaso cha imfa cha agogo. Agogo anaikidwa kumanda a pakomboni, zilombo za gule zikuvina, ndipo palibe amene analemba kanthu. Mgodiwo unatsekedwa kalekale, mabuku ake a antchito sakudziwika kumene anapita. Tauzidwa kuti tibwere ndi mboni ziwiri zachibale zazikulu kuposa azakhali. Wotsala ndi mmodzi, amalume awo a bambo a kuchikazi, amene amakhala ku Sanyati ndipo sathanso kukwera basi.