Chipsera cha paphewa ndi lamulo la zaumoyo

Pa pulogalamu ya zaumoyo sabata yatha, mayi wina anafunsa kuti: "Kodi boma lili ndi mphamvu yondikakamiza kubayitsa mwana wanga?" Nthawi inatha tisanayankhe bwino, choncho ndati ndilembe zomwe ndinaziona ndi maso angawa.

Paphewa langa lakumanzere pali chipsera cha katemera wa nthomba. Ndinabayidwa ndili mwana, pa kampeni ya dziko lonse ya pakati pa 1976 ndi 1979, yomwe inabweretsa katemera wa nthomba, chikuku ndi chifuwa chachikulu. Tsiku lomwe galimoto inafika m'mudzi mwathu, amayi anabisa mlongo wanga wamng'ono m'nkhokwe.

Musawaseke amayi. Nkhondo ya FRELIMO itayambanso kuno ku Tete mu 1968, Apwitikizi ankasonkhanitsa anthu mokakamiza m'midzi ya mpanda, ija ankaitcha aldeamento. Makolo athu anali asanaiwale chibalo ndi masipayi obwera ndi kaundula m'manja. Za ku Wiriyamu, komwe asilikali anapha anthu mazanamazana pa 16 December 1972, zinali zitamveka paliponse. Ndiye tangoganizani, patangopita zaka zochepa, alendo abwera ndi kaundula, akulemba maina a ana, m'manja ali ndi chobayira chooneka ngati mfuti!

Boma latsopano linali litasintha malamulo. Pa 24 July 1975, Samora Machel analengeza kuti zipatala zonse zili m'manja mwa boma, ndipo nduna yoyamba ya zaumoyo inali Dr Hélder Martins. Lamulo la mu 1977 linati chithandizo chopewera matenda, monga katemera, n'chaulere. Koma amayi sankadziwa za mapepala a ku Maputo. Amene anatulutsa mlongo wanga m'nkhokwe anali namwino wina wachinyamata. Iyeyu anakhala pansi pamphasa, n'kupinda malaya ake, n'kuwaonetsa amayi chipsera chake. Anayankha mafunso awo onse m'chilankhulo chathu, osapupuluma. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi anadzuka okha kukatenga mwana. Mu 1980 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalengeza kuti nthomba yatheratu.

Kenaka inabwera nkhondo ya zaka 16. Zipatala zazing'ono zambiri zinatenthedwa, ena a ife tinathawira ku Ukwimi, ku Zambia, ndipo tinabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992. Kukhulupirirana kuja kunayenera kumangidwanso kuyambira pansi.

Kukasowa kukhulupirirana, zimatha moipa. Mu 2009, ku Mogincual m'chigawo cha Nampula, kunabuka mphekesera yoti anthu othira mankhwala m'zitsime akufalitsa kolera. Mawu a Chipwitikizi akuti "cloro" ndi "cólera" amamveka mofanana m'khutu. Anthu odzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa, ndipo mwa omwe anamangidwa pa nkhaniyo, oposa khumi anafera m'chitokosi chifukwa chothithikana. Mankhwala anali abwino, cholinga chinali chabwino, koma anthu anali asanafotokozeredwe mokwanira.

Nanga malamulo akuti chiyani lero? Ndime 89 ya Malamulo Aakulu a dziko lino a mu 2004 imanena zinthu ziwiri pamodzi: nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala, komanso ili ndi udindo woteteza umoyo wa anthu onse. Lamulo nambala 19 la mu 2014 limateteza anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV: zotsatira za magazi anu n'chinsinsi chanu, ndipo bwana sangakuchotseni ntchito chifukwa cha kachilomboko. Pa nthawi ya Covid-19, mu 2020, boma linatseka masukulu n'kuchepetsa anthu opita kumaliro. Zinatiwawa, chifukwa kwathu kuno maliro n'kulirana. Mu 2022 kunabwera lamulo nambala 3, la umoyo wa anthu onse, lolongosola mphamvu za boma pa nthawi ya mliri.

Ndiye kwa mayi munafunsa aja, yankho langa ndi ili. Mphamvu boma lili nazo ndithu, makamaka mliri ukabuka, chifukwa chikuku cha mwana wanu sichithera pakhomo panu pokha, chimalowanso kwa aneba. Koma inunso muli ndi ufulu wouzidwa kuti katemerayo ndi wa matenda anji, mwana angamve bwanji akabayidwa, komanso mudzabwerenso liti. Funsani, musachite manyazi. Ndipo inu a zaumoyo, mukafunsidwa musamakalipe, chifukwa mayi wokalipiridwa lero sabweranso mwezi wamawa.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira tiitane wazaumoyo wa m'dera lathu pamodzi ndi anyakwawa. Aliyense abwere ndi khadi la sikelo la mwana wake, tidzaliwerengere limodzi. Mlongo wanga uja, lero ndi agogo a zidzukulu zisanu, wati adzabwera nawo.